Mchere wa pa famu yakale

M'mawa uno ku Smethwick, kuno kudziko lozizira, athira mchere wofiirira mumsewu kuti tisaterereke pa madzi oundana. Nditauponda, ndakumbukira bambo anga.

Ndili mwana, ananditenga kukwera phiri louma kukaona famu yakale komwe ankaweta ng'ombe za mzungu. Tinapeza makola ogumuka, dibi litadzaza mchenga, mphepo yokhayokha. Bambo anatulutsa m'thumba mchere womwe amayi anausowa kunyumba m'mawa uja, n'kuukhuthulira m'chomwera ng'ombe chong'aluka. Kenako anaimba likhweru lalitali.

"Ababa, ng'ombezo zili kuti?"

"Khala chete, iwe. Zimaopa alendo."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe ngakhale ndowe youma. Komabe ndinabisala kumbuyo kwawo kuti zisandione.