Mkazi wa m'foni ya a Nicasio

M'tauni ya Moca munalibe amene sankawadziwa mayi Dilenia, aja ankakazinga nthochi ndi soseji pakona ya msika. Anali aafupi, amawu aakulu, ndipo nsanje yawo inatchuka kuposa malonda awo. Pa zaka makumi atatu ndi zinayi zaukwati anali atathamangitsapo wometa tsitsi, woimba wa m'kwaya, ndi namwino wina amene anachedwa kusiya mkono wa amuna awo powayeza magazi. Amunawo, a Nicasio, anali dalaivala wa basi, wadazi, wosekerera aliyense.

Bondo litayamba kuwavuta, a Nicasio anasiya ntchito, nasiyanso kupita kubwalo la ndewu za atambala. Mayi Dilenia mtima unakhala pansi. Munthu wongokhala pakhonde angaone ndani? Koma mnzawo wa a Nicasio anawasonyeza katsamba kena ka pa intaneti koonetsa ndewu za atambala mwaulere. Kasanatseguke kankafunsa izi ndi izo, ndipo iwo, pothamangira atambala, ankangodina "inde" paliponse.

Lachinayi lina masana, a Nicasio akusamba, foni yawo inalira patebulo. Mayi Dilenia anasuzumira. Panali chithunzi cha mtsikana wa milomo yofiira, pansi pake mawu akuti: "Yarisa ali pafupi nawe, mamita 800. Wakusowa."

"Bambo inu, Yarisa ndani?" anafunsa amunawo atangotuluka.

"Yarisa wake uti?"

"Amene wakusowaniyu! Ndi bondo lomweli? Kutchalitchi mumati simungafike, koma mamita 800 mukufika!"

"Mayi, zimenezo zimangobwera zokha, ngati ntchentche."

"Ntchentche yopaka milomo?"

Tsiku limenelo mayi Dilenia sanakazinge. Anayenda kuchokera pageti akuwerenga mapazi, ndipo mapaziwo anakathera pasitolo ya mankhwala, pomwe pankagulitsa mtsikana wina wamtali. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nagula sopo yemwe sankamufuna, namufunsa dzina. Anati ndi Belkis. Mayi Dilenia anabwerera akunena mumtima kuti akazi oterewa sakhala ndi dzina limodzi.

Mmawa mwake anatenga foni ija n'kupita nayo kumsika. Uthenga utabweranso, anadina pankhope pa mtsikanayo. Foni inati kuti alankhule naye ayambe aika pulogalamu. Anaika. Inapempha kuona manambala, zithunzi ndi mauthenga, iwo anavomera zonse. Kenako analemba: "Ndine mkazi wake wapaguwa. Bwera pamsika tionane." Yankho silinabwere. Foni inangotentha m'thumba ngati mbatata yootcha.

Pofika masana, chithunzi cha Yarisa chinali chitapita kwa aliyense wa m'foni imeneyo, m'dzina la a Nicasio, ndi mawu akuti "Tamuonani uyu." Chinafika kwa wansembe, kwa azimayi a m'kwaya, ngakhale kwa mwana wawo wamkazi ku New York, yemwe anaimba akulira.

Mayi Dilenia anapita nayo foniyo kwa Yocasta, mayi wokonza mafoni kuseri kwa msika, a Nicasio akutsimphina pambuyo. Yocasta atangoona chithunzicho anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Uyuyu? Sabata ino yokha wabwera kasanu. Ali m'foni ya ogulitsa nyama, ya apolisi aja a pamphambano, ndi ya achimwene anga. Onsewo amaonera atambala."

"Hule ameneyu!" anatero mayi Dilenia.

"Ayi mayi, kulibe munthu. N'chithunzi chakuba, nyambo chabe. Matsamba aulerewa amadyera momwemu. Bambowa anangolola kuti mauthenga azibwera. Koma amene anatsegulira wakuba chitseko ndi amene anaika pulogalamuyi."

A Nicasio anatsokomola pobisa kuseka, nayang'ana kudenga.

Yocasta anati foniyo iyenera kufufutidwa yonse, ndipo manambala achinsinsi onse asinthidwe. Zinapita zithunzi za ubatizo wa mdzukulu, ndi mawu a malemu amayi a a Nicasio akuimba pa Khirisimasi, omwe sanasungidwe kwina kulikonse. Apa mpomwe a Nicasio anasiya kuseka. Anapukuta m'maso ndi chipewa.

Mayi Dilenia sanapepese ndi pakamwa. Anawaphikira nyama ya mbuzi masiku atatu otsatizana, napita okha kwa wansembe kukafotokoza kuti wolakwa ndi iwo. Lamlungu anaitana njinga yamoto n'kuwaperekeza amuna awo kubwalo la atambala, kuti akaonere ndi maso.

Kumeneko anakhala nawo phewa ndi phewa mpaka ndewu yomaliza. Koma mayi Dilenia atambala sanawaone n'komwe, maso awo anali kwina. Pakhomo panali mayi wina wogulitsa madzi a nzimbe, amene anawapatsa moni a Nicasio powatchula dzina.