Mavoti Osamutsa Msonkhano Wathu

Bungwe lathu la anthu a makompyuta linayambira pakhonde la shopu yanga ku Chileka. Tinali ochepa: okonza makina, otayipa makalata, oika nyimbo m'mafoni. Anandisankha kukhala tcheya chifukwa khondelo linali langa, osati chifukwa cha nzeru ayi.

Tinkakumana Lachitatu. Lachisanu anzathu Achisilamu amakhala ku mzikiti, Loweruka ndi Lamulungu ena kutchalitchi. Makina amene akukanika munthu ankabwera nawo pa kabaza, tonse n'kuwatsegula, kupemerera fumbi, kukangana mpaka ayake. Wosajomba anali mnzanga wa ku Lirangwe, Msilamu wokonza mapulinta. Ndikayamba kukalipa ankangoti, "Atcheya, kompyuta ilibe makutu."

Kenako bungwe linakula. Ndine ndemwe ndinkayenda m'maofesi a mu Blantyre kukopa achinyamata a madigiri kuti alowe. Analowadi, ambiri. Posakhalitsa anapempha kuti misonkhano isamukire m'tauni, Loweruka, m'holo ya magetsi odalirika, kumene mabwana olemba ntchito angatione.

Ndinapsa mtima. Ndinamenya tebulo, ndinawatchula mayina amene sindingalembe pano. Mtsikana wina, amene tsopano ndi mlembi wathu, anadikira ndimalize.

"Madala, ife Lachitatu timakhala kuntchito. Mukufuna bungwe kapena mukufuna alendo pakhonde panu?"

Tinavota pokweza manja. Mavoti anafanana, ndipo malamulo athu ankati zikatero tcheya ndiye adule. Ndinayang'ana mnzanga uja. Loweruka ndi tsiku limene shopu yake imadzaza, ndipo minibasi ya m'tauni sakanaikwanitsa sabata ndi sabata. Ndinayang'ananso ana a m'midzi ya kwa Kuntaja amene tinawaphunzitsa tokha, ongokhala opanda ntchito. Dzanja langa linakwera mbali ya tauni.

Mnzangayo sanakwiye. Anamangirira pulinta yake panjinga, n'kunena kuti, "Mwadula bwino, achimwene. Koma ine ndathera pano."

Anawo ena anapezadi ntchito. Ine ndikadali tcheya. Amandikhazika kutsogolo, amawomba m'manja, amalankhula Chingerezi chothamanga, ine n'kumangogwedeza mutu. Ndikakwiya palibe amandiyankha, amangoyang'ana m'mafoni mpaka ndikhale pansi.

Pobwerera ndimakwera minibasi ndekha. Pamene msewu wa Chileka umapatukana ndi wa ku Lirangwe kondakitala amakuwira otsika, ine ndimangoyang'ana msewu wopita kwa mnzanga uja.