Bulangete pa Zenera la a Chibwe

Ku Chawama anthu amawadziwa a Chibwe ndi bulangete, nkhope yawo ambiri anaiwala. Ndi dalaivala wa sitima ya katundu, ntchito yosadziwa Sabata. Foni imalira pamene yafunira: lero Kabwe, mkuja Livingstone. Akafika kunyumba dzuwa lili pamutu, amapachika bulangete lofiira pa zenera, kunamiza thupi kuti kwada. Thupi nalo silipusa. Tulo timabwera toduladula, kenaka timakawapeza pa sitima, pamene njanji yawongoka ndipo zikope zalemera. Amaimirira, kusamba m'maso, kuimba nyimbo zimene sazikonda n'komwe.

Akazi awo anatopa ndi kunong'ona m'nyumba mwawomwawo, anatenga ana n'kupita ku Kitwe. Kutchalitchi analeka kuwafunsa. Pamaliro saoneka, ndipo m'komboni munthu wosafika pamaliro amasanduka mlendo. "Bamazimvela," amatero anthu, kunena kuti ndi onyada. Ine zimandinyansa, chifukwa onenawo amagona usiku wonse mpaka kuliza mkonono.

Mnzawo anali mmodzi yekha, a Hatibu, Msilamu wosula ndowa ndi mbaula kuseri kwa mpanda. Ntchito yaphokoso ngati imeneyo, koma akaona bulangete ankaika nyundo pansi, n'kuyamba kujambula mizere pa malata, uku akuthamangitsa ana ampira.

A Hatibu atadwala chifuwa, a Chibwe anakawazonda.

"Ba Chibwe, ise sitichedwa kuika munthu," anatero wodwalayo. "Nikafa, mukaninyamuleko, olo pang'ono chabe."

"Osakamba so, ba Hatibu. Koma nizankhalapo."

Lonjezo limeneli linawalemera. Ulendo uliwonse ankanyamuka ndi mantha kuti uthenga uwapeza ali kutali, pakati pa tchire.

Uthengawo sunawapeze kutali. Lachinayi lina anafika m'mawa kuchokera ku Livingstone, maso ali psuu, miyendo ikuyenda yokha. Anapachika bulangete, nagwa pabedi ndi nsapato zomwe. Kunali zii, ngakhale wailesi ya munthu sinalire. Anagona tulo timene anali asanagonepo kwa zaka.

Atadzuka, dzuwa linali litapendeka. Pabwalo la a Hatibu panali amayi atakhala pa mphasa, amuna akubwerera kuchokera kumanda, nsapato zili ndi dothi lofiira. A Hatibu anatsirizika m'mawa womwewo, ndipo anaikidwa atatha mapemphero a masana.

A Chibwe anakaima pakhomo. A Kulthum, akazi a malemuwo, anali m'kati, kuseri kwa katani.

"Amai, nenze pafupi apa. Simunaniutse chifukwa chani?"

"Bantu benze kufuna kugogoda, ine ninabaletsa," anayankha. "Bamuna banga benze kukamba ati, munthu akayendetsa sitima na tulo, apaya bantu. Ngati tinamiutsani, sembe banakalipa."

A Chibwe anasowa wom'kwiyira. Anakhala pansi pakati pa amuna amene sankadziwa mayina awo, ndipo palibe anawayankhula. Asanafunse n'komwe kumene kuli manda, foni inalira: Kabwe.

Ulendo umenewo zikope sizinalemere. Anaona chizindikiro chilichonse, mbuzi iliyonse ya m'mbali mwa njanji, mutu uli mbee. Thupi linali litapumula bwino, ndipo n'chimene chinawaliza.