Mchenga wa Kamalakshi

Kamalakshi wakhala akupota zingwe za makoko a kokonati chikwatiwireni. Mudzi wawo unali pakamtunda kopapatiza, kuno nyanja yamchere, uko mtsinje, ndipo mchenga wake unali wakuda bii, wolemera ngati chitsulo. Mwamuna wake Divakaran atamwalira, anamutenthera pakhomo pomwepo, chakummwera kwa nyumba monga mwa mwambo, ndipo paphulusapo anadzalapo kokonati. Chaka ndi chaka mayiyo ankaika mpunga patsinde pake, n'kuomba m'manja monyowa mpaka khwangwala atabwera kudzadya. Akadya, ankadziwa kuti bamboyo wakhuta.

Kampani yokumba mchenga itafika, anansi anayamba kusamuka. Kamalakshi anakana.

"Mlamu, munthuyu ali moyo mumatukanana kukangocha," anatero Omana, mchemwali wa malemuyo. "Lero wasanduka mtengo ndiye mwayamba kumukonda?"

"Mtengo sumwa mowa," anayankha Kamalakshi, manja ali pachingwe.

Tsiku lina masana kunabwera mlendo wa ku Japan ndi mnyamata wa kampani womumasulira. Mlendoyo anali ndi kachipangizo m'manja. Anakaloza pakhonde, kanalira the, the, the. Atafika patsinde la kokonati uja, kanalira mosalekeza ngati mano a munthu wozizidwa. Kunali bata, ngakhale tsamba silinkagwedezeka. Omana, amene ankamuseka mlendoyo, analeka kuseka.

"Musaope, amayi," anatero mnyamatayo. "Mumchengamu muli chitsulo chotchedwa toriyamu, ndicho chikuliza kachipangizoka. Mayiko akugwirizana kuti tsiku lina adzayatsire magetsi. Pano wangochuluka basi."

"Nanga munthu amene ali mumchengamo mumatani naye?" anafunsa Kamalakshi.

Mnyamatayo anamasulira. Mlendo uja anayang'ana mtengowo, n'kuwerama, n'kuzimitsa kachipangizo kake.

"Makina amasefa, amayi," anatero mnyamatayo. "Ndi mmene zimakhalira. Cholemera amatenga, chopepuka amabweza pomwe anachichotsa."

Kamalakshi anaganiza nthawi yaitali. Anakumbukira kuti phulusa la mwamuna wake linali lopepuka, linkauluka akalikhudza. Dziwe limene a kampani ankakumbamo mchenga linali litafika kale kumpanda, madzi a pachitsime atasanduka amchere. Anavomera kusamuka, n'kupita kukakhala kwa Omana kutsidya kwa mtsinje, akudziuza kuti Divakaran angopita kukasefedwa, abwerera.

Tsiku lokumbukira malemuyo litakwana, anaphika mpunga, anaukulunga patsamba la nthochi, n'kuwoloka pabwato. Mnyamata uja sananame. Mchenga a kampani anaubwezadi, woyera mbee, atausalaza bwinobwino. Koma anaubweza wa mudzi wonse pamodzi. Panalibe mtengo, chitsime, kapena mwala woti n'kudziwira pakhomo pa munthu. Akufa onse a m'mudzimo, amene ankagwirizana ndi amene sankalankhulana, anali atasakanizidwa m'chidikha chimodzi.

Anayenda uku ndi uku, mapazi akutitimira mumchenga wozizira wosauzolowera. Anaitana dzina la mwamuna wake, chinthu chimene mwa mwambo sanachitepo bamboyo ali moyo. Kenaka anagwada pomwe miyendo inatopera, anaika mpungawo pansi, ananyowetsa manja n'kuomba. Anaombanso. Kumwamba kunali zii, kopanda mbalame ndi imodzi yomwe.

Masiku ano akupotabe zingwe kuseri kwa nyumba ya Omana. Mpunga wa chaka ndi chaka amaphika mphika waukulu, woti n'kukwana mudzi, ndipo amaugawa timiyulu tating'ono kuyambira kumtsinje mpaka kunyanja.