Goloboyi Wachifalansa wa ku Girrawheen

Mkulu woyandikana nyumba ndi Olipa ku Girrawheen ndi Mfalansa. Kwawo anali goloboyi wa handibo, mpira wogoletsa ndi manja, kenako kochi. Pano ku Australia amaphunzitsa ana kupaki, ndipo satopa kuwauza kuti goloboyi akaphethira, chigoli chalowa.

Kovidi itafika, Olipa, yemwe ndi namwino, anawapeza pakhonde akupuma mobanika. Olipa atatchula ambulansi, mkuluyo anakana.

"Mwananga, mng'ono wanga anafera yekhayekha m'chipatala kwathu. Nane ndikalowamo sindituluka."

Olipa anaimbabe foni.

Mkuluyo anachirira kuchipatala. Koma mpaka lero, ambulansi ikamadutsa, amachotsa wezulo pakamwa n'kuima chilili, mpaka kulira kwake kutazilala.