Njoka mu mtengo wa Khirisimasi

Lero ndatola kapepala konyezimira ka siwiti, ndipo ndakumbukira Khirisimasi ina ku Nkope. Tinalibe zokongoletsera zogula, choncho ine ndi mng'ono wanga tinkadula timapepala totere ngati usipa, n'kumatipachika ndi ulusi pa nthambi ya mango imene bambo anazika m'ndowa ya mchenga. Utomoni unkanunkhira nyumba yonse.

Mng'ono wanga atatambasula dzanja kuti apachike kansomba kake, tsamba lina linayenda. Inali njoka yobiriwira, lilime lawilawi pafupi ndi zala zake.

"Usagwedezeke, mwanangu," ananong'ona amayi, akuyandikira monyang'ama.

Mwadzidzidzi anamukoka ndi diresi, onse n'kugwera pamkeka. Njoka inatsetserekera kukhomo. Ine ndinali chiimire, mkodzo wofunda ukutsika m'miyendo.