Mchira wa Mlaza Umene Ndinasokerera

Achimwene anga ndiwo anapitiriza sikola. Ine ndinalekera kalasi yachinayi, ndinakwatiwa konkuno ku Chipera, ndipo chimene ndimadziwa ndi kuluka mikeka ya mlaza.

Chaka chimene mwana wanga ankayamba kukwawa, achimwenewo anabwera kudzaona amayi. Anandionetsa chithunzi pa telefoni: kanthu kopotanapotana kolowa m'kakhungu, kali ndi mchira wotuluka kunja. Anati ndi puloteni, kamakhala pa kakhungu kokuta tizigawo ta thupi tosaoneka ndi maso, ndipo ntchito yawo ndi kufufuza mmene kanapindikira. Mbali yokhazikika makina amaiona bwino. Mchirawo ndiwo unkawavuta.

"Mlongo, undilukire kotereka ka mlaza. Ndikufuna ndikakagwire m'manja pofotokozera aphunzitsi anga."

Ndinangovomera, maso pansi. Mota, njinga yamoto yowatengera ku Fingoe, inkabwera mkuja, mvula isanatseke njira.

Ndinaluka tsiku lonse, mwana kumsana. Nditafika pa mchira, unangolendewera. Kwathu mkeka wotsala nsonga ndi manyazi, amati woluka anathamangira mowa. Ndinaupinda n'kuusokerera ndi ulusi mpaka osagwedezeka.

Achimwene ataona anaseka. "Waumanga ngati mbuzi yodya chimanga cha eni! Kanthuka kamagwira ntchito chifukwa cha kugwedezekako."

"Nanga pachithunzi paja unali phee," ndinayankha chapansipansi.

"Chija n'chimodzi chabe. Tikayeza, mchira umapezeka apa, kenako apo. Timasonkhanitsa makhalidwe ake onse, ndiye yankho lake."

Anati ndisavutike, akangofotokoza ndi pakamwa. Zinandiwawa. Chibadwire anali asanandipemphepo kanthu.

M'mawa kutacha ndinamasula ulusi uja. Ndinanyowetsa mlaza n'kuika michira isanu yotulukira pamalo amodzi: wina woongoka, wina wokhotera kumanzere, wina wopinda ngati mbedza, ina iwiri yogonera pakhungu. Ndinayanika padzuwa kuti igwire. Amayi anati chikuoneka ngati nkhuku yovumbwa ndi mvula.

Mota itafika ndinangokapereka. Achimwene anakatembenuza, nawerenga michira ija ndi chala, woyendetsa akuliza injini. Sanaseke.

"Uwu watalikirapo. Yonse ilingane, pajatu ndi mchira umodzi."

Ndinaudula ndi mpeni wosendera chinangwa. M'chikwama sanakaike, poopa kuti kaphwanyika. Anandipempha nsalu yanga yakale ya kapulana, anakakulunga, n'kukakhazika pamiyendo.